Banja la Brindle ndi Wards Cove: mlandu anapambana, koma salmon inawapulumuka

Ntchito yanga ndi yolangiza mabizinesi a pabanja, makamaka pa kalembedwe ka antchito ndi kusiyirana utsogoleri. Eni bizinesi akandiitana amafuna tiyambe ndi ngongole ya ku banki, kapena ndi mwana amene adzakhale pampando mkuluyo akadzatopa. Ine ndimayamba ndapempha kaundula wa antchito, ndipo pa dzina lililonse ndimati alembe amene anamubweretsa munthuyo pakhomo pa kampani. Chizolowezi chimenechi ndinachitenga nditawerenga zigamulo za mlandu wa Wards Cove Packing Company, kampani ya banja la Brindle yomwe inkagula nsomba za salmon ku Alaska, dera la America lomwe lili kutali kumpoto, n'kuziika m'zitini kuyambira 1928 mpaka 2002. Lipotili ndi la kampani imeneyo. Zomwe ndalemba za mlanduwo ndi zomwe zili m'zigamulo za makhoti, ndipo pomwe ndikunena maganizo anga ndanena kuti ndi anga.

Nsombayo ndi nyengo yake

Amene anaonapo mpasa ukukwera mtsinje wa Bua kukaswana samva chilendo akamauzidwa za salmon. Imabadwira mumtsinje, imakakulira m'nyanja ya mchere, kenako imabwerera kumtsinje womwewo kukaikira mazira. Salmon ya m'nyanja ya Pacific ikangoikira mazira imafa. Ku Alaska kuli mitundu isanu, koma pa malonda a zitini iwiri ndiyo inkalamulira: sockeye, ya mnofu wofiira ndi mtengo wabwino, yomwe imachuluka ku Bristol Bay, ndi pink, yaing'ono ndi yotchipa, yomwe imadzaza madzi a kumwera chakum'mawa komwe kuli tawuni ya Ketchikan.

Bizinesi yonseyi inamangidwa pa vuto limodzi. Nsomba zimabwera pamodzi, mamiliyoni, m'masabata ochepa a Juni, Julayi ndi Ogasiti, kumalo opanda misewu ndiponso opanda anthu ambiri. Ku Bristol Bay chigulu chenicheni chimadutsa kumayambiriro kwa Julayi, ndipo ukachiphonya wadikira chaka china. Kalelo kunalibe mafiriji onyamula nsomba yambiri chonchi kukafika nayo ku mizinda, choncho njira inali kuiphika m'chitini pomwepo. Ntchito yoika salmon m'zitini inayamba mu 1864 pa mtsinje wa Sacramento ku California, ndi abale a banja la Hume pamodzi ndi Andrew Hapgood, ndipo inafika ku Alaska mu 1878. Pofika 1936 Alaska inatulutsa mabokosi oposa 8 miliyoni m'chaka chimodzi, bokosi lililonse la zitini 48 za paundi imodzi.

Mwini fakitale ankabwereka ndalama nyengo yozizira, n'kugula zitini, mchere, mafuta ndi chakudya cha anthu mazana, n'kutumiza zonse pa sitima kuchokera ku Seattle, mzinda wa doko m'boma la Washington kumwera kwa Alaska, asanaone nsomba ndi imodzi yomwe. Zikabwera zambiri mtengo unkagwa. Zikabwera zochepa zitini zinkatsala zopanda kanthu ngongole ili pomwepo. Munthu wochita malonda otere amafuna anthu oti akawatuma kutali sagona ndi nkhawa, ndipo anthu oterowo amawapeza kaye m'nyumba mwake.

Mmene banjali linakulira

Fakitale ya pa gombe la Ward Cove, chakumpoto pang'ono kwa Ketchikan, inalipo kale pamene A. W. Brindle, yemwe anthu ankamutchula Winn, ndi m'bale wake Harold anaitenga mu 1928. Inali yaing'ono poyerekeza ndi zimphona za nthawiyo monga Alaska Packers Association ndi Libby, McNeill & Libby. Patangotha chaka chimodzi chuma cha America chinagwa, ndipo mafakitale ang'onoang'ono ambiri anatsekedwa kapena kumezedwa. Ya a Brindle inapirira.

Masiku amenewo makampani a zitini ankadalira kwambiri misampha ikuluikulu ya m'madzi. Ganizirani biyo wotchinga mtsinje wokhala ndi mono kumapeto kwake, koma womangidwa ndi mitengo italiitali ndi waya, wotalika mamita mazana kuchokera kugombe. Nsomba zoyenda m'mphepete mwa gombe zinkatsata wayayo n'kulowa m'chipinda chomwe sizikanatulukamo, ndipo mlonda mmodzi kapena awiri ankakwanira kuyang'anira msampha wogwira nsomba zomwe zikanafuna maboti ambiri. Kwa mwini fakitale unali mwayi, chifukwa nsomba zinkakhala zamoyo m'madzi mpaka tsiku lomwe wazifuna. Kwa asodzi a ku Alaska unali umbava wa masana, popeza misampha yambiri inali ya makampani a ku Seattle ndi San Francisco. Kuba nsomba m'misamphayi usiku kunali kofala mozungulira Ketchikan, ndipo anthu wamba sankakuona ngati tchimo lalikulu.

Nsomba zinachepa kwambiri nkhondo yachiwiri itatha, moti mu 1953 Pulezidenti Eisenhower analengeza kuti madera ena a Alaska agwa m'tsoka. Chidani cha misampha chinali chimodzi mwa zinthu zomwe zinakankha anthu kufuna kuti Alaska ikhale boma palokha m'chitaganya cha America. Zimenezi zinatheka mu 1959, ndipo misampha ya makampani inathetsedwa.

Pa nthawi yomweyi ndi pamene banja la Brindle linachita chinthu chomwe chinalikuza. Libby, kampani yaikulu ya zakudya za m'zitini, inaganiza zochoka ku Alaska. A Brindle anagwirizana ndi Columbia River Packers Association, eni dzina la malonda la nsomba za m'zitini la Bumble Bee, n'kupanga kampani ya Columbia Wards Fisheries yomwe inatenga mafakitale a Libby chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Anagula pamene ena ankathawa. Kuona kwanga n'kwakuti apa ndi pomwe ubwino wa bizinesi ya pabanja umaonekera: kampani ya masheya imayenera kufotokozera eni masheya chaka ndi chaka chifukwa chomwe ikukakamira pa nsomba zosowa, pomwe banja limatha kunena kuti tidikira, nsomba zidzabwera. Zinabweradi, makamaka kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Winn anamwalira mu 1977, utsogoleri unapita kwa mwana wake Alec Brindle, ndipo m'zaka za m'ma 1980 banjali linagula gawo la anzawo aja. Mayina a Red Salmon ku Naknek, Ekuk, Alitak pa chilumba cha Kodiak, Kenai ndi Excursion Inlet onse anakhala m'manja mwa Wards Cove, likulu lili ku Seattle m'mbali mwa Lake Union.

M'kati mwa fakitale

Boti lalikulu lotolera nsomba kwa asodzi likafika pa doko, nsomba zinkakwezedwa n'kuthiridwa m'mabokosi akuluakulu, kuzisankha mtundu ndi mtundu. Kuchoka apo zinkalowa m'makina odula mutu, mchira ndi zipsepse n'kutumbula, makina omwe Edmund Smith anapanga ku Seattle kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Makinawa analowa m'malo mwa Matchaina omwe ankagwira ntchitoyi ndi mipeni, ndipo anapatsidwa dzina lonyoza Matchaina lomwe linakhalabe pakamwa pa anthu a m'mafakitale zaka makumi ambiri. Dzinalo linadzatchulidwa ndi m'khoti momwe.

Makina sankamaliza zonse. Kutsogolo kwake kunkaima mzere wa anthu ovala majombo ndi maepuloni a mphira, aliyense ndi kampeni, madzi ozizira akutsika pa mpopi osaleka, kupala magazi otsalira mumsana mwa nsomba ndi kuchotsa matumbo omwe makina aphonya. Munthu ankaima pamenepo maola 16 kapena kuposa nsomba zikachuluka, zala zitachita dzanzi. Nsomba yoyera inkadulidwa zidutswa zokwana m'chitini, n'kuthiramo mchere pang'ono basi, opanda madzi kapena mafuta. Ena ankaima pa sikelo kuwonjezera kanyama m'chitini chopepuka. Chitini chikatsekedwa chinkalowa m'chimphika chachitsulo cha nthunzi yotentha pafupifupi madigiri 120, kwa nthawi yoposa ola, mpaka minga yomwe kufewa. Makaniki mmodzi akalakwitsa pa makina otsekera, ntchito ya tsiku lonse yawonongeka. N'chifukwa chake makaniki ankalipidwa bwino, ndipo mwini fakitale sankafuna kuyesa munthu wosamudziwa pa malo amenewo.

Makomo awiri

Ntchito za pa fakitale zinali m'magulu awiri, ndipo gulu lililonse linali ndi khomo lake lolowera. Ntchito za pa mzere wa nsomba, zosafuna maphunziro ndiponso za malipiro otsika, zinkapita kwa Afilipino ndi kwa eni nthaka a ku Alaska a m'midzi yoyandikana ndi fakitale. Afilipinowo, omwe ankadziwika kuti Alaskeros, ankatumizidwa kuchokera ku Seattle ndi bungwe lawo la ogwira ntchito, Local 37, nthambi ya ILWU, bungwe lalikulu la ogwira ntchito pa madoko, mwa pangano ndi makampani. Dongosololi silinayambe ndi a Brindle. Poyamba kunali Matchaina obwera ndi makontirakitala awo, lamulo la 1882 litatseka khomo la Matchaina kunabwera Ajapani, kenako Afilipino m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, omwe anakhazikitsa bungwe lawo mu 1933 kuti achoke m'manja mwa makontirakitala.

Gulu linalo linali la amakaniki, akalipentala, oyang'anira ubwino wa nsomba, akalaliki, osunga sitolo, ophika, ogwira ntchito pa doko ndi oyendetsa maboti a kampani. Awa ankalembedwa nyengo yozizira ku maofesi a ku Washington ndi Oregon, fakitale isanatsegulidwe. Ntchitozi sizinkalengezedwa pa fakitale. Kapitawo ankafunsa anthu ake ngati akudziwa mnyamata wolimba, wina n'kutchula mphwake, wina mnzake wa mwana wake wa ku koleji. Amene anagwirapo chaka chatha ankayamba ndiye kuitanidwa. Pafupifupi ntchito zonse za gululi zinali za malipiro oposa za pa mzere, ndipo ambiri ozigwira anali azungu.

Magulu awiriwa ankagona nyumba zosiyana ndi kudyera mosiyana. M'makalata a makampani munkapezeka mawu otchula nyumba yogona kapena chipinda chodyera ndi dzina la mtundu wa anthu, ya Afilipino, ya eni nthaka. Munthu wa pa mzere amene wagwira zaka 10 analibe makwerero opitira ku gulu linalo, chifukwa pomwe iye ankafika mu Juni malo onse anali atadzaza kale mu Febuluwale. Amene anakulira pafupi ndi maesiteti a tiyi ku Thyolo kapena Mulanje, kumene nyumba za m'malaini zili uko za mabwana zili uko, chithunzichi sachisowa.

Mlandu wa zaka 27

Amene anaukira dongosololi anali ana a Alaskeros aja, achinyamata obadwira ku America omwe ankapita ku Alaska kukapeza fizi ya ku koleji. Iwo anali atawerenga lamulo la ufulu wa anthu la 1964, lomwe gawo lake lachisanu ndi chiwiri limaletsa tsankho pa ntchito. Anapanga bungwe la Alaska Cannery Workers Association mu 1973, n'kusumira makampani angapo. Mlandu wa Wards Cove unalowa m'khoti mu 1974, dzina lotsogolera lili la Frank Atonio, wa mtundu wa Chisamoa, m'malo mwa antchito pafupifupi 2,000. Woimbidwa mlandu winanso anali Castle & Cooke, yomwe pa nthawiyo inali mwini wa Bumble Bee. Milandu inzake yotsutsana ndi New England Fish Company inawayendera bwino antchito. Uwu wokha ndiwo unatalika.

Awiri mwa otsogolera achinyamatawa, Silme Domingo ndi Gene Viernes, sanaone mapeto ake. Anawomberedwa mu ofesi ya Local 37 ku Seattle pa 1 Juni 1981, ali mkati molimbana ndi ziphuphu za katumizidwe ka anthu ku Alaska m'bungwe lawo lomwe, komanso akutsutsa ulamuliro wa Ferdinand Marcos ku Philippines. Mu 1989 khoti la ku Seattle linapeza kuti a Marcos anali ndi dzanja pa imfazi, ndipo mu 1991 yemwe anali pulezidenti wa bungwelo, Tony Baruso, anapezeka wolakwa pa kupha. Imfazi sizikukhudza banja la Brindle. Ndazitchula kuti zioneke kuti khomo la pa mzere nalo linali ndi alonda ake omwe ankadyerapo.

Odandaula anaima pa mfundo ziwiri. Yoyamba inali yakuti makampani ankasankha mtundu mwadala, ndipo iyi makhoti anaikana. Yachiwiri inachokera ku chigamulo cha Griggs v. Duke Power cha 1971, chomwe chinati njira yolembera antchito ingakhale yosatchula mtundu, ngati zotsatira zake zikutsekera kunja anthu a mtundu wina, bwana ayenera kuonetsa kuti njirayo ndi yofunikadi pa ntchito yake. Odandaula analoza kulemba achibale, kuyamba ndi amene anagwirapo kale, kusowa kwa muyezo wolembedwa wosankhira anthu, makomo awiri aja, ndi kusakweza anthu a mkati. Chiwerengero chimodzi cha m'mlanduwu ndimachiwerengera aliyense amene ndikumulangiza: mwa anthu 349 omwe analembedwa kudzera mwa achibale m'madipatimenti anayi apamwamba pakati pa 1970 ndi 1975, 332 anali azungu, 17 okha ndiwo anali a mitundu ina.

Khoti loyamba linagamula mokomera makampani mu 1983. Khoti la apilo la Ninth Circuit linatembenuza mbali ina ya chigamulocho mu 1987, n'kunena kuti kusiyana kwa mitundu pakati pa magulu awiri aja kunali kokwanira kuti makampani ayankhe. Nkhani inakwera ku Khoti Lalikulu la America, lomwe linagamula pa 5 Juni 1989, oweruza asanu mbali ya makampani, anayi mbali ya antchito.

Woweruza Byron White, polembera asanuwo, anati kuyerekeza anthu a pa mzere ndi a ntchito zapamwamba n'kulakwitsa masamu. Choyenera kuyerekeza ndi anthu omwe ali pa ntchito zapamwambazo ndi anthu oziyenera omwe alipo pa msika wa ntchito. Anapereka chitsanzo chomwe sindinachipezerebe yankho lophweka: Afilipino anachuluka pa mzere chifukwa cha pangano ndi Local 37, ndipo kampani ikanasiya kulemba anthu kudzera m'bungwelo, kusiyana kwa manambala kukanazimiririka popanda kusintha kalikonse pa kalembedwe ka amakaniki. Ndiye chiwerengero chotere chikutsimikiza chiyani? Anawonjezera kuti odandaula ayenera kuloza njira imodziimodzi ndi kuonetsa kuti ndiyo yabweretsa kusiyanako, ndiponso kuti bwana angofunika kupereka chifukwa chomveka cha bizinesi, udindo wotsimikizira khoti n'kukhalabe pa wodandaula. Mfundo yomalizayi ndiyo inagwedeza dziko, chifukwa kuyambira nthawi ya Griggs ambiri ankadziwa kuti katunduyo ali pamutu pa bwana.

Woweruza John Paul Stevens, potsutsa, analemba kuti kugona ndi kudya mosiyana pamodzi ndi kugawa ntchito potsata mtundu zinkafanana mochititsa nthumanzi ndi moyo wa m'minda ikuluikulu yakale ya akapolo ndi atsamunda. Harry Blackmun anafika podabwa ngati anzake asanuwo ankakhulupirirabe kuti tsankho kwa anthu osakhala azungu ndi vuto m'dzikomo.

Nyumba ya malamulo inayankha. Bilu yoyamba ya 1990 Pulezidenti George H. W. Bush anaikana, koma pa 21 Novembala 1991 anasaina lamulo latsopano la ufulu wa anthu lomwe linabwezera udindo uja pa bwana. Mkati mwake munali kandime kakuti lamuloli silikhudza mlandu wa mtundu umenewu womwe unalowa m'khoti pasanafike 1 Malichi 1975 ndipo chigamulo chake choyamba chinaperekedwa patadutsa 30 Okutobala 1983. Mlandu wokwana m'kandimeka unali umodzi m'dziko lonse. Masenetala a Alaska, Frank Murkowski ndi Ted Stevens, ndiwo anakamenyera nkhondo, ponena kuti kampaniyo yazunzika kale mokwanira m'makhoti. Antchito omwe dzina la mlandu wawo linasintha lamulo la dziko lonse anakhala okhawo osapindula nalo. Jim McDermott, phungu wa ku Seattle, anayesa kangapo kuti kandimeka kachotsedwe, koma sizinatheke. Mlandu unabwerera ku makhoti a m'munsi, n'kutha mu 2001 khoti la apilo litagamulanso mokomera kampani.

Chomwe chinatseka mafakitale

Patangotha chaka chimodzi chipambanire, mu Disembala 2002, Wards Cove inalengeza kuti ikusiya salmon. Sanali maloya amene anaigwetsa, ndipo nsomba sizinasowe. M'zaka za m'ma 1990 Alaska inkagwira salmon yambiri kuposa ya m'masiku a misampha.

Chitini chinali chitayamba kale kufooka. Mu 1982 munthu wina ku Belgium anamwalira atadya salmon ya m'chitini ya ku Alaska yomwe munalowa poizoni wa botulism kudzera pa kabowo kakang'ono, ndipo zitini mamiliyoni makumi angapo zinachotsedwa m'masitolo, makampani onse n'kulawa mkwiyo wa ogula. Koma zaka zimenezo kunali pothawira. Japan inkagula sockeye youmitsidwa m'firiji ndi mazira a salmon pa mtengo wokwera, makamaka America itatseka madzi ake a mamailosi 200 kwa maboti akunja mu 1976. Mu 1988 msodzi wa ku Bristol Bay ankalandira madola oposa awiri pa paundi ya sockeye, ndipo salmon yonse ya Alaska inabweretsera asodzi madola oposa 700 miliyoni.

Kenako inafika salmon yoweta. Norway inayamba kuiweta m'makola a m'nyanja m'zaka za m'ma 1970, Chile n'kutsatira ndi mtengo wotsika kwambiri. Nsomba yowetayi imapezeka yaiwisi miyezi 12 pa chaka, ya msinkhu wofanana, yodulidwa kale yopanda minga. Wogula wa sitolo yaikulu sankafunikanso kudikira Julayi. Alaska inaletsa kuweta nsomba m'makola a m'nyanja mu 1990 pofuna kuteteza asodzi ake ndi nsomba zachilengedwe, koma lamulolo silikanatseka msika wa ku Tokyo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 salmon yoweta inali itaposa yogwidwa m'nyanja pa dziko lonse, uku chuma cha Japan chikudwala. Mu 2001 sockeye ya ku Bristol Bay inatsika pansi pa masenti 50 pa paundi, ndipo mu 2002 salmon yonse ya Alaska sinafike madola 200 miliyoni.

Fakitale ya kumalo kopanda msewu ili ndi ndalama zomwe zimatuluka ngakhale mtengo ugwe bwanji: jenereta, doko, nyumba zogona, ndege zonyamula antchito, ngongole za asodzi omwe kampani inawakongoza maukonde ndi mafuta kuti adzabweze ndi nsomba. Kampani inanena kuti inakhala ikuluza pa salmon zaka zotsatizana. Inapitiriza ndi malonda ena a nsomba za pansi pa nyanja ndi nkhanu, koma asodzi mazanamazana omwe ena anagulitsa nsomba kwa a Brindle kuyambira nthawi ya makolo awo anadzuka opanda wogula, nyengo yatsala miyezi isanu ndi umodzi. Excursion Inlet ndi Alitak zinagulidwa ndi Ocean Beauty Seafoods. Malo a likulu ku Lake Union anasanduka doko la maboti a anthu olemera ndi nyumba zoyandama pamadzi.

Mmene ndimaiwerengera nkhaniyi

Sindikhulupirira kuti a Brindle anakhala pansi tsiku lina n'kupangana zotsekera Afilipino kunja, ndipo makhoti sanapeze zotero. Anapeza dongosololi lilipo, linawathandiza, ndipo sanaone chifukwa cholisinthira. Kulemba mwana wa munthu amene umamudziwa kuli ndi nzeru yake pa fakitale yomwe ili kutali ndi chithandizo chilichonse: akachita ulesi pali wokamuneneza kwa iye, akaba manyazi agwera banja lonse. Vuto ndi lakuti anthu omwe umawadziwa amafanana nawe, ndipo pakatha zaka 40 kudziwana kuja kwasanduka mpanda womwe amene ali mkati sauona. Anthu 332 aja palibe amene anadzimva kuti walowera pa tsankho. Aliyense ankadziwa kuti wabwera ndi amalume ake.

Mfundo ya Woweruza White ndimaivomera pa masamu, koma ngati mlangizi sindingapatse kampani malangizo ochokera pa iyo. Funso lakuti pa msika pali anthu oyenera angati limadumpha funso lina, lakuti munthu amauphunzira kuti umakaniki wa makina otsekera zitini. Amauphunzira pa fakitale pomwepo, monga wothandizira makaniki, ndipo malo a wothandizirawo ndi omwe ankapita kwa mphwake wa kapitawo. Ntchito zina za gulu lapamwamba, monga za pa doko, sizinkafuna luso loposa la munthu wa pa mzere. Kupachika chipepala pa khomo la chipinda chodyera mu Ogasiti chonena ntchito za chaka chamawa, kulemba zoyenereza za ntchito iliyonse, ndi kugwetsa khoma la pakati pa zipinda zodyera, zonsezi zikanadya ndalama zochepa kuposa zomwe maloya amadya m'chaka chimodzi. Kampani inasankha kulimbana zaka 27.

Pali chinthu china chomwe sindingachitsimikize ndi umboni koma ndimachiganizira. Zaka zomwe utsogoleri wa kampani unali ndi diso ku makhoti ndi ku nyumba ya malamulo ku Washington, likulu la dziko, ndi zomwezo pamene makola a ku Norway ndi Chile ankachuluka. Sindikunena kuti popanda mlandu Wards Cove ikanapulumuka, popeza makampani ambiri opanda mlandu uliwonse anagwa kapena kugulitsidwa nthawi yomweyo. Koma kupirira kumene kunapindula mu 1959 kunali koyenera vuto la nsomba zosowa, zomwe zimabwerera ukazisamala. Wogula amene wazolowera nsomba yaiwisi ya mu Januwale ndi nkhani ina, ndipo nyumba yomwe akuluakulu ake onse anaphunzira ntchito kwa anthu omwewo imachedwa kupeza munthu woti anene zimenezo pa msonkhano.

Chaka chatha ndinachita kawerengedwe kanga kaja pa kampani ina ya pabanja yogula ndi kugulitsa nsomba zouma kuno kwathu, ya antchito osakwana 40. Mwiniwake, bambo wachikulire amene anayamba ndi dengu limodzi la usipa, anatenga cholembera n'kuyamba kulemba monyadira, dzina ndi dzina. Madalaivala, wosunga ndalama ndi osunga nyumba ya katundu onse anatuluka kuti ndi a mudzi umodzi ndi wa kuchikazi kwake. Onyamula matumba ndi oyanika, ena a zaka 8 pa ntchito, pa mzere wa amene anawabweretsa panalibe choti alembe. Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, kenako anati, "Achimwene, koma awa ndi anthu okhulupirika." Ndinamufunsa kuti akunena a mndandanda uti, ndipo anaitana mwana wake kuti abweretse tiyi.